Wina watulutsa juwisi wa malambe wokhala ndi lebulo yonga yathu. Kodi satifiketi ya bizinesi ingatiteteze?

Mayi wa ku Mpondasi

Moni nonse. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa malamulo a zamalonda. Timapanga juwisi wa malambe wa m'mabotolo a 500ml, komanso timalongedza usipa wouma m'mapaketi. Katunduyu timasiya m'magolosale a pa Mangochi Boma, ku Namiasi, ku Makawa mpaka ku Monkey Bay, ndipo chino ndi chaka chachitatu tikugwiritsa ntchito dzina limodzi ndi chithunzi chimodzi pa lebulo. Satifiketi ya bizinesi tili nayo, ndipo dzina limene lili pa satifiketiyo ndi lomwelo lili pa botolo.

Mwezi wathawu kwatulukira juwisi wina. Lebulo yake ndi yobiriwira ndi chikasu ngati yathu, chithunzi chake n'chofananako, ndipo pa dzina angosintha chilembo chimodzi. Eni magolosale awiri atibwezera mabotolo osasa poganiza kuti ndi athu, chonsecho si athu.

Kodi satifiketi tili nayoyi ndi yokwanira kumuletsa munthuyu? Ngati siyokwanira, trademark (chizindikiro cha malonda) amalembetsa kuti, ndipo poyambira ndi pati? Kodi kulembetsa kamodzi kungateteze juwisi ndi usipa womwe? Dzina lathu sindinalilembe pano dala, mundiuze ngati likufunika.

Wa zamalamulo, Mangochi Boma

Mayi, mwachita bwino osalemba dzinalo, ndipo musalilembe mpaka mutapereka fomu.

Satifiketi muli nayoyo siyokwanira. Imeneyo inaperekedwa pansi pa lamulo lolembetsa mabizinesi la 2012, ndipo imangosonyeza kuti boma likudziwa kuti pali bizinesi ya dzina limeneli ndiponso mwini wake ndi ndani. Ndi yothandiza kubanki ndi ku MRA, koma siikupatsani mphamvu yoletsa munthu wina kumata dzinalo pa botolo. Mphamvu imeneyo imachokera ku lamulo lina, Trademarks Act ya 2018, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Okutobala 2018 m'malo mwa lamulo lakale la 1957. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti zonse ziwiri zimachitikira ku ofesi imodzi ya boma, imene anthu amaidziwa kuti ya Registrar General, ndiye munthu akatuluka ndi pepala limodzi amaona ngati wamaliza zonse. Makaundula ake ndi awiri osiyana, ndipo kulowa m'kaundula wina sikukulowetsani mwa mnzake.

Musanalipire kalikonse, liyeseni kaye dzinalo. Lamulo silipatsa munthu mmodzi mawu amene amalonda onse akuwafuna pofotokoza katundu wawo. “Juwisi wa Malambe”, “Usipa Wabwino”, “Chambo cha ku Malombe”, “Zokoma za ku Mangochi”, mayina oterewa amakanidwa, chifukwa amangonena chimene chili m'paketi, ubwino wake kapena kumene chachokera. Mayina olimba ndi amene sakhudzana ndi katunduyo, kapena mawu ongopeka. Tiyerekeze kuti juwisi wanu mumamutcha Nangula. Nangula ndi wa bwato, alibe chochita ndi malambe, choncho dzinali likhoza kukhala lanu. Mukalemba “Nangula Malambe” akhoza kukulolani, koma adzakuuzani musayine kuti mawu akuti malambe simukudzitengera nokha. Pewaninso mbendera ya dziko, chizindikiro cha boma, mtanda wofiira, ndi mawu onamiza ogula, monga kulemba “uchi” pa chakumwa chimene mulibe uchi.

Kenako pemphani kuti akufufuzireni m'kaundula wa ma trademark ngati dzinalo, kapena lina lofanana nalo, lilimo kale. Apa anthu ambiri amadumpha poopa fizi ya kafukufuku, kenako n'kutaya fizi yaikulu ya fomu pamodzi ndi miyezi yambiri yodikira. Pofufuza musangoyang'ana kalembedwe kanu kokha. Kwathu kuno l ndi r timazisinthanitsa, ndiye Nangula ndi Nangura kwa wogula ndi dzina limodzi. Yesani ch ndi tch, k ndi kh, w ndi b, ndiponso mawu a tanthauzo lomwelo m'Chiyao ndi m'Chingerezi. Ofesi imayang'ana zinthu zitatu: maonekedwe, kamvekedwe ndi tanthauzo. Muyezo wake si wa munthu amene waika mabotolo awiri pa tebulo n'kumawafananiza modekha. Ndi wa mwana amene watumidwa kuti “ukagule wa nangula uja” ndipo akungokumbukira mtundu wa lebulo ndi kamvekedwe ka dzina. Dziwaninso kuti pali ma trademark ena amene amagwira ntchito ku Malawi koma anadzera ku ARIPO, bungwe la mayiko a mu Africa lolembetsa ma trademark limene lili ku Harare, kapena ku WIPO, bungwe la dziko lonse la ntchito yomweyo limene lili ku Geneva. Amenewa mukhoza kuwafufuza nokha pa foni, kwaulere, pa Global Brand Database ya WIPO ndi pa webusaiti ya ARIPO.

Funso lanu la juwisi ndi usipa lili pa makalasi. Katundu ndi ntchito zonse anazigawa m'makalasi 45 a dongosolo la mayiko ambiri lotchedwa Nice: 1 mpaka 34 ndi a katundu, 35 mpaka 45 ndi a ntchito. Trademark imakutetezani pa zimene mwalemba pa fomu ndi zoyandikana nazo, osati pa chilichonse cha pansi pa thambo, ndipo fizi amawerengera kalasi iliyonse payokha. Juwisi, madzi a m'botolo ndi zakumwa zina zosaledzeretsa zili m'kalasi 32. Usipa wouma, nsomba zowamba, jamu, chiponde ndi mafuta ophikira zili mu 29. Mukadzayamba sosi wa kambuzi, uchi, mpunga kapena ufa, zimenezo ndi 30. Nsomba zamoyo ndi zipatso zongothyola kumene ndi 31. Mafuta a malambe odzola ndi 3. Shopu yogulitsiramo ndi 35, malo odyera ndi ogona alendo ndi 43, mabwato oyendetsa alendo ndi 39. Eni malo ogona a ku Cape Maclear ndi ku Nkope amve bwino apa: lamulo lakale silinkalembetsa mayina a ntchito, koma la 2018 limalola, ndiye amene anabwezedwa kale ayambirenso.

Inu mukufunika 32 ndi 29. Ngati ndalama zikukwana kalasi imodzi yokha, yambani ndi 32, chifukwa ndi kumene moto wabuka. Musalembetse makalasi khumi pofuna kutchinga paliponse. Trademark imene yakhala zaka 5 zotsatizana osagwiritsidwa ntchito, munthu wina akhoza kupempha kuti ichotsedwe m'kaundula, ndiye ndalama za makalasi ongosungira zimapita pachabe. Mndandanda wa katundu muulembe momveka, “zakumwa za zipatso zosaledzeretsa, juwisi wa malambe, juwisi wa bwemba”, ndipo muikiretu zimene mukudziwa kuti muyamba chaka chamawa, chifukwa fomu ikalowa mndandanda umachepetsedwa koma suwonjezeredwa. Chowonjezera chimafuna fomu yatsopano ndi tsiku latsopano.

Pa fomu pamafunika dzina ndi adiresi ya mwini wake, chithunzi choyera bwino cha chizindikirocho, kalasi ndi mndandanda wa katundu, ndi tanthauzo la dzinalo m'Chingerezi ngati lili la Chichewa kapena Chiyao. Mukatuma loya kapena ejenti, mumasayina kalata yomupatsa mphamvu. Lipirani kwa wolandira ndalama wa ofesi, osati kwa munthu wokumana naye pakhonde, ndipo mutuluke ndi lisiti la boma, nambala ya fomu ndi tsiku limene yalandiridwa. Tsiku limeneli ndiye chuma chanu. Anthu awiri akamalimbirana dzina limodzi, amayamba ayang'ana amene anafika poyamba.

Zikatero ofesi imaunika fomu. Ikapeza vuto imalemba kalata ndi kupereka nthawi yoyankhira. Mafomu ambiri amafera pamenepa, osati chifukwa dzina linali loipa, koma chifukwa kalata inapita ku bokosi la positi la sukulu kapena la mzikiti limene palibe amatsegula, nthawi n'kutha. Perekani adiresi ndi imelo zimene mumaonadi, ndipo muzifunsa nokha mwezi ndi mwezi ndi nambala ija. Ikavomerezedwa amaisindikiza kuti anthu aione, ndipo aliyense wodandaula amakhala ndi masiku 30 oti atsutse. Popanda wotsutsa mumalipira zotsala n'kulandira satifiketi. Zonsezi zimatenga miyezi yambiri, nthawi zina kupitirira chaka, koma zaka 10 za chitetezo amaziwerenga kuyambira tsiku lija munapereka fomu, osati tsiku lolandira satifiketi. Zikatha mumakonzanso zaka zina 10, mobwerezabwereza. Mukachedwa pali miyezi 6 yachisomo yolipira ndi chindapusa. Amene amva kwa akuluakulu za zaka 7 kenako 14, zimenezo zinali za lamulo lakale.

Wa malebulo, Monkey Bay

Asalaam aleikum. Bambo afotokoza bwino za ku ofesi, ine ndiwonjezere za pa botolo penipeni.

Pamene anena za “chithunzi cha chizindikiro”, ambiri amangotenga lebulo yonse, ya dzina, chithunzi, nambala ya foni, mndandanda wa zosakaniza ndi 500ml yomwe, n'kuimata pa fomu. Musatero. Mukalembetsa lebulo yonse, chimene mwateteza ndi kaphatikizidwe konseko, ndipo mukadzasintha kapangidwe chaka chamawa, satifiketi idzakhala ikunena za lebulo imene simukuigwiritsanso ntchito. Lembetsani dzina palokha, m'zilembo wamba. Likatero ndi lanu kaya mulilembe mopendeketsa, kaya mofiira, kaya pa chikwangwani, kaya litchulidwe pa wailesi. Logo ibwere ngati fomu yachiwiri. Komabe pa nkhani ya Mayiwa ndikuona kuti fomu yachiwiriyo isachedwe, chifukwa wokoperayo wadalira kwambiri mitundu ndi chithunzi, ndipo ogula ambiri m'magolosale a m'mbali mwa nyanja amaloza ndi chala, satchula dzina. Ngati chobiriwira ndi chikasu ndicho anthu amakudziwirani, perekani logo ya mitundu yakeyo ndipo munene pa fomu kuti mitunduyo ndi mbali ya chizindikiro.

Tsono funso limene palibe amalifunsa: anajambula logo yanu ndani? Chojambula chili ndi umwini wakewake pansi pa lamulo la Copyright la 2016, ndipo kungomupatsa mnyamata wa pa kompyuta ndalama m'manja popanda cholemba kumasiya mpata wa mkangano. Mulemberane kalata yaifupi: dzina lake, dzina lanu, chithunzi cha logo, mawu oti wapereka umwini wonse kwa inu, ndalama zimene walandira, tsiku, siginecha ndi mboni. Mumufunsenso ngati chithunzicho anajambula yekha. Ngati anangochikoka pa intaneti, mtengo wa mlambe umenewo uli pa malebulo ena ambirimbiri, ndipo simungaletse nawo aliyense. Zikakhala choncho, ajambulenso china musanapereke fomu.

Lebulo yofanana chonchi kawirikawiri sichokera kutali. Fayilo imatsala pa kompyuta ya pamalo osindikizira, wina n'kubwera kunena kuti “ndipangireni ngati iyi”, n'kungosintha chilembo chimodzi. Fayilo yeniyeni, imene imatheka kusinthidwa, muzisunga inu pa fulashi yanu, ndipo osindikiza muziwapatsa PDF yokha. Masitika muziwerenga polandira, owonongeka muzitenga n'kukawotcha nokha. Mabotolo akale okhala ndi lebulo yanu nawonso ndi khomo: ana amatola, wina amathiramo zake. Chivindikiro chokhala ndi mkombero woduka potsegula, kapena kapulasitiki komata pakamwa, kamatseka khomo limeneli.

Pa botolo lililonse pakhale nambala ya ulendo umene mwaphika, tsiku lopangira ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo nambalazo muzilemba m'kope. Izi a Malawi Bureau of Standards (MBS) amazifuna kale pa muyezo wa malebulo a zakudya wa MS 19, koma zimathandizanso pa vuto lanuli. Wagolosale akabweza botolo losasa, mumatsegula kope n'kumuonetsa kuti nambala imeneyi kulibe kwanu.

Za tizilembo tija. TM mukhoza kuika ngakhale lero, kamangouza anthu kuti dzinali mukuliyesa lanu. Ka R ka m'kati mwa bwalo, ®, n'ka amene walandira satifiketi basi. Kukaika fomu ikadali m'njira ndi kunama kuti chinthu chinalembetsedwa, ndipo lamulo limautenga ngati mlandu. Linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Choncho musasindikize masitika zikwizikwi okhala ndi ® podalira kuti satifiketi ikubwera, chifukwa wina akatsutsa mudzakhala ndi katoni ya masitika osagwira ntchito. Chizindikiro cha MBS ndi cha halaal si zanu ayi, eni ake amakulolani kuzigwiritsa ntchito mukakwaniritsa zofunika zawo. Musaziike m'kati mwa logo imene mukukalembetsa.

Mayi wa ku Mpondasi

Zikomo kwambiri nonse awiri, maso atseguka. Pali zina sindinanene. Tilipo amayi asanu, koma satifiketi ya bizinesi ili m'dzina la mmodzi amene anali ndi chitupa pafupi tsiku limenelo. Trademark ikhalenso m'dzina lake? Anzanga akufuna mawa tipite kwa wokoperayo tikamuuze kuti asiye, kodi n'koyenera? Komanso pali achimwene athu ku Joni amene akufuna tizitumiza usipa, ndipo ena amapikula juwisi kupita naye ku Mandimba, ku Mozambique.

Wa zamalamulo, Mangochi Boma

Mayi, mawa musapite kwa wokoperayo. Ulendo woyamba ukhale wa ku Blantyre, kukapereka fomu ku ofesi ija. Mukamuopseza lero pamene dzina silinalowe m'kaundula, mwamuuza nokha kuti dzinali ndi la mtengo wapatali ndiponso kuti lili pambalambanda. Akakutsogolerani ndi tsiku limodzi lokha, inu ndi amene mudzakhale wotsutsa, wofunafuna umboni ndi ndalama za loya, ndipo palibe angakulonjezeni kuti mudzapambana. Anzanuwo muwaleze mtima sabata imodzi.

Koma musanakwere minibasi, thetsani za umwini, chifukwa nkhani imeneyi yapasula magulu ambiri kuposa okopera. Trademark ndi katundu ngati bwato kapena puloti. Amene dzina lake lili pa satifiketi ndiye mwini, akhoza kuigulitsa, kuibwereketsa, ndipo akamwalira imalowa m'chuma cha masiye, abale ake n'kuyamba kuyankhulapo. Ikakhala m'dzina la mayi mmodzi, tsiku limene mudzasemphane adzachoka ndi dzina, inu anayi n'kutsala ndi mapoto. Sindikunena kuti mnzanuyo ndi wachinyengo, koma imfa ndi ukwati zimasintha zinthu popanda kufunsa. Njira yolimba ndi kukhala ndi kampani, pansi pa lamulo la makampani la 2013, kapena kopaletivi yolembetsedwa, kenako trademark ikhale m'dzina la kampani kapena kopaletiviyo. Poti nthawi yathina, mukhoza kupereka fomu panopa m'mayina a nonse asanu, mutalemberana pangano la zimene zidzachitike wina akatuluka kapena akamwalira, kenako kampani ikabadwa n'kusamutsira kumeneko. Kusamutsako kukhale kolemba ndipo kukalowetsedwe m'kaundula. Kusamutsa kwa pakamwa, kapena kwa pepala longosunga m'chikwama, kumasiya kaundula akunenabe za mwini wakale.

Tsono za wokopera. Popanda satifiketi simuli manja lende. Makhoti athu amazindikira mlandu wogulitsa katundu monamizira kuti ndi wa mnzako, umene maloya amautcha passing off. Kungoti ndi wolemera kunyamula, chifukwa muyenera kutsimikiza zinthu zitatu: kuti anthu amalidziwa dzinalo ngati lanu, kuti lebulo yake ikusocheretsa ogula, ndiponso kuti mukuluza kapena mbiri yanu ikuipa. Wokhala ndi satifiketi sayamba kutsimikiza kutchuka kwake, amangoonetsa pepala ndi mabotolo awiri. Kusiyana kwake ndi kumeneko, ndipo m'ndalama za loya n'kwakukulu.

Umboni muyambe kusonkhanitsa lero, mwakachetechete. Tumani munthu akagule mabotolo atatu a wokoperayo m'magolosale osiyana, atenge lisiti kapena alembe tsiku, malo ndi mtengo, ndipo mabotolowo musawatsegule. Jambulani mashelefu pamene ake ndi anu aikidwa pamodzi. Eni magolosale awiri aja alembe mwachidule zimene zinachitika, ndi tsiku, asayine, zinthu zisanaiwalike komanso asanayambe kuopa kutchulidwa. Ku mbali yanu fukulani chilichonse chokhala ndi tsiku: malisiti a masitika oyamba, makope a maoda, mauthenga a WhatsApp a makasitomala, zithunzi zakale za pa Facebook, mapepala a MBS. Kope la malonda lionetse mmene zinkayendera iye asanabwere ndi mmene zikuyendera tsopano, mwezi ndi mwezi, pakuti chipukuta misozi amachiwerengera pamenepo, osati pa kuwawa kwa mtima.

Fomu ikalowa, mulembereni kalata, makamaka kudzera kwa loya. Inene kuti ndinu ndani, munayamba liti, nambala ya fomu yanu, chimene akulakwitsa, ndi zimene mukufuna: asiye lebuloyo, achotse katundu m'magolosale, apereke masitika otsala, asayine kuti sadzabwereza. Mumupatse masiku owerengeka, 14 ndi okwanira. Musalembemo kuti trademark yanu ndi yolembetsedwa pamene ikadali m'njira. Musamutchule dzina pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp kuti ndi wakuba, chifukwa mlandu woipitsa mbiri udzatembenukira inu. Musapitenso kukalanda mabotolo ake m'magolosale ndi manja anu. Ambiri okopera a m'maboma muno ndi anthu a mpamba wochepa, ndipo kalata yooneka bwino imawakwanira. Ngati avomera, kumulola masabata awiri kuti asinthe lebulo n'kotchipa kuposa khoti.

Akakana, makomo alipo angapo. Competition and Fair Trading Commission imalandira madandaulo a malonda osocheretsa ogula. A MBS ndi a zaumoyo a kukhonsolo akhoza kulowererapo pa chakumwa chosasa chimene chikugulitsidwa popanda chilolezo, ndipo nthawi zambiri njira imeneyi ndiyo yachangu, ngakhale kuti imathetsa za ukhondo, osati za dzina. Chiletso ndi chipukuta misozi zimachokera ku bwalo lalikulu, nthambi ya milandu ya zamalonda, ku Blantyre. Musachedwe kupempha chiletso, chifukwa woweruza amafunsa kuti ngati zinakupwetekanidi munali kuti miyezi yonseyi. Mukadzakhala ndi satifiketi, kukopera dala chizindikiro cholembetsedwa ndi mlandu wa kupolisinso, ndipo Facebook ili ndi fomu yodandaulira imene imafunsa nambala ya satifiketi kuti achotse tsamba la wonamizira.

Chomaliza kwa ine: mukadzalola gulu lina, tinene la ku Malindi kapena ku Makanjira, kupanga juwisi m'dzina lanu, pakhale laisensi yolemba yonena katundu wake, dera, nthawi, malipiro, ndi ufulu wanu woyendera ndi kukana katundu wosafika pa muyezo. Nayonso ikalembedwe m'kaundula.

Wa za katundu wodutsa malire, Namwera

Achemwali, ndiyankhe za Joni ndi Mandimba. Satifiketi ya ku Malawi mphamvu yake imathera pa Chiponde. Botolo likangowoloka, dzina lanu lilibe mwini mpaka mutalembetsanso kumeneko, ndipo amene amakonda kulilembetsa mwakabisira si mlendo ayi, ndi yemwe amakugulitsirani, chifukwa ndiye amaona mmene katundu akuthamangira.

Ku Mozambique njira zilipo zitatu. Mukhoza kulembetsa mwachindunji ku ofesi yawo ya IPI ku Maputo, m'Chipwitikizi, kudzera mwa ejenti wa komweko. Mukhoza kudzera ku ARIPO pansi pa pangano la Banjul, limene Malawi alimo kuyambira 1997 ndipo Mozambique analowamo mu 2020: fomu imodzi, n'kusankha mayiko amene mukufuna mwa amene ali m'panganolo, monga Zimbabwe, Botswana, Namibia ndi Lesotho. Kapena mukhoza kudzera ku pangano la Madrid, limene linayamba kugwira ntchito ku Malawi pa 25 Disembala 2018. La Madrid limafuna kuti mukhale kaye ndi fomu kapena satifiketi ya kuno kwathu, ndipo pempho limadzera ku ofesi ya kuno kupita ku Geneva. Anthu a ku Malawi amalipira gawo limodzi mwa magawo khumi a fizi yoyambira, ndiye kuti ma franc a ku Switzerland 65 m'malo mwa 653, kapena 90 m'malo mwa 903 ngati chizindikiro chili cha mitundu, kuwonjezera fizi ya mayiko amene mwasankha. Msampha wake ndi uwu: kwa zaka 5 zoyamba, ya kunjayo imatsamira pa ya kuno. Ya kuno ikakanidwa kapena kuchotsedwa, ya kunja imagwa nayo. N'chifukwa chake kafukufuku uja Bambo anena si wodumpha.  Ku Mozambique kulinso lamulo loti pa zaka 5 zilizonse mwini alembe chikalata chonena kuti akufunabe kugwiritsa ntchito chizindikirocho. Anthu amaiwala poganiza kuti zaka 10 sizinakwane, wina n'kupezerapo mpata wopempha kuti chichotsedwe.

South Africa siili mu Banjul, siilinso mu Madrid. Kumeneko n'kulembetsa mwachindunji ku ofesi yawo ya CIPC ku Pretoria, kalasi iliyonse fomu yakeyake, ndipo pamafunika adiresi ya m'dzikomo yolandirira makalata. Apa ndi pamene achimwene a ku Johannesburg amati “ndilembetsa m'dzina langa poti ndili konkuno”. Ayi. Mwini akhale inu kapena kampani yanu, adiresi yolandirira makalata ikhale ya loya kapena ejenti, ndipo achimwenewo akhale wogulitsa wokhala ndi pangano lolemba lonena kuti dzina ndi lanu, sadzalilembetsa, ndipo mukasiyana adzasiya kuligwiritsa ntchito. Chibale sichichepa chifukwa cha pepala limeneli.

Pali mwayi umodzi umene umatha msanga. Malawi ali m'pangano la Paris kuyambira 1964, ndipo panganoli limati mukapereka fomu kuno, muli ndi miyezi 6 yokapereka ya chizindikiro chomwecho, pa katundu yemweyo, ku mayiko ena a m'panganolo, South Africa ndi Mozambique omwe, n'kupempha kuti akuwerengereni tsiku la kuno. Wina aliyense amene analowetsa dzinalo pakati pa masiku amenewo amakhala pambuyo panu. Muyenera kupempha nokha pa fomu ya kunjayo ndi kupereka kope yotsimikizika ya fomu ya kuno, sizichitika zokha. Choncho mukabwerako ku Blantyre ndi nambala ndi tsiku, werengani miyezi 6 pa kalendala, mulembe tsikulo pachikuto cha kope la maoda, ndipo m'miyezi imeneyo muone kumene katundu akuyendadi. Ngati ku Mandimba kukupita makatoni awiri pa mwezi, ndalama zolembetsera kumeneko zidikire, mungolemberana pangano ndi opikulawo. Ngati usipa wa ku Joni wayamba kudzaza matumba pa basi iliyonse, kalasi 29 ku CIPC ilowe tsikulo lisanakwane.